ZA MAKALA NDI CHILANGO: MAU ATHU MSONKHANO USANAFIKE

Kwa Mafumu athu olemekezeka, kwa Magulupu ndi Nyakwawa, ndi kwa abale onse a Bungwe lathu:

Mwalandira kale pepala la nkhani za msonkhano ulinkudzawu, ndipo mwaona kuti nkhani yachitatu ndiyo ya makala. Abale athu ena abweretsa mfundo yakuti Bungwe lipemphe Boma kuonjezera zaka za ndende kwa munthu aliyense wogwidwa ndi makala opanda chilolezo, ndiponso kuti Mafumu alole anyamata a m'midzi kulanda njinga za onyamula makala ndi kuziphwanya pamaso pa anthu. Ife amene talemba kalata iyi tiikana mfundo imeneyi. Tafuna kunena zifukwa zathu tsopano, mitima ikali pansi, pakuti tidziwa makhalidwe a misonkhano yathu: mmodzi akaimirira natchula Dzalanyama, wina natchula mtsinje wa kwao umene unaphwa, manja onse amakwera m'mwamba munthu asanafunse funso ndi limodzi lomwe.

Asatinamizire munthu kuti tili kumbali ya oononga nkhalango. Ifenso tili ndi maso. Mapiri amene pa ubwana wathu munthu sankalowamo yekha ngakhale masana, lero mbuzi imaonekera kutali ili pamwamba pake. Tidziwa kuti mtsinje wa Lilongwe, umene mzinda umamwa, uchokera m'Dzalanyama. Tidziwanso kuti dothi lokokoloka m'mapiri opanda mitengo limatsikira mu Shire ndi kukatsamwitsa makina a magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Pa za kuipa kwa chinthuchi palibe mkangano pakati pa ife ndi abale athuwo. Mkangano uli pa mankhwala. Iwo ati, Kulitsani chilango. Ife tifunsa, Kodi chilangocho chidzagwera yani, ndipo ndi mitengo ingati imene idzatsala chifukwa cha icho?

Funso ili si latsopano, pakuti anzeru a za chuma analilingalira kale. Mmodzi wa iwo, Gary Becker wa ku America, anafotokoza yekha m'mene nzeru yake inam'fikira. Tsiku lina anachedwa popita kukayesa mayeso wophunzira wina pa sukulu yaikulu ya Columbia mumzinda wa New York, ndipo kunam'yenera kusankha msanga: kapena aimike galimoto lake pamalo olipira amene anali patali, kapena aliimike pamseu poletsedwa. Anawerenga mumtima mwake kukula kwa chindapusa, nawerenganso ngati wapolisi angadutse pomwepo kapena iai, naona kuti kuswa lamulo kunali kotsika mtengo. Anaimika pamseu, ndipo sanagwidwe. Pambuyo pake anadzifunsa nati, ngati iye mphunzitsi wolemekezeka anawerenga chotero, kodi wakuba sawerenga? Mu 1968 analemba nkhani yake yotchuka ya milandu ndi zilango, ndipo mu 1992 analandira mphotho ya Nobel.

Chiphunzitso chake n'chapafupi, ndipo mkulu aliyense amene anakhalapo pa bwalo angachimve. Munthu wofuna kuswa lamulo kuti apeze chuma amaika zinthu pa sikelo. Mbali ina amaika phindu limene adzapeza. Mbali inayo amaika kukula kwa chilango, komanso, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, kuti pa maulendo ake onse ndi kangati kamene adzagwidwa. Amaikanso chimene akanapeza akadagwira ntchito yololedwa, ngati ntchitoyo ilipo. Tsono taonani, Mafumu athu, kuti pa zinthu zonsezi abale athu agwirapo chimodzi chokha, ndicho kukula kwa chilango. Ndipo tidziwa chifukwa chake chimenecho chimakondedwa: pakuti ndicho chokha chimene sichilira ndalama. Kusintha chaka chimodzi cha ndende kukhala zaka khumi kumafuna cholembera basi. Koma kuika mlonda wokhulupirika m'nkhalango kumafuna malipiro mwezi ndi mwezi.

Tiyeni tiwerenge pamodzi monga awerengera munthu wa makala. Ziwerengerozi n'zongoyerekeza, kuti tione m'mene sikelo imapendekera. Tinene kuti pa ulendo umodzi wa kumzinda amapindula ndalama 10, ndipo pa maulendo 20 amapeza 200. Ngati agwidwa kamodzi kokha pa maulendo 20 amenewo, nalandidwa matumba ndi njinga za mtengo wa 60, watsala ndi 140, ndipo mawa lake adzabwereka njinga ya mlamu wake nabwerera kuthengo. Koma ngati agwidwa kamodzi pa maulendo anai alionse, ndiko kuti kasanu, ngakhale chilango chichepe kufika 30 pa kugwidwa kulikonse, wataya 150 natsala ndi 50, zimene angathe kuzipeza pa ganyu osagona m'thengo. Chomwecho chilango chochepa chimene chimafika kawirikawiri chimaluma koposa chilango chachikulu chimene munthu amangochimva m'nkhani. Izi ananenanso Cesare Beccaria wa ku Milan mu 1764, zaka mazana awiri Becker asanalembe: kuti chimene chimaletsa munthu ndi kutsimikizika kwa chilango, osati ukali wake.

Abale athu adzayankha kuti, Chabwino, koma kuonjezera ukali sikuononga kanthu. Apa ndipo tisiyana nawo kotheratu, pakuti kumaononga ndithu, ndipo tikuonetsani njira yake.

Thumba la makala lochokera kuthengo kufikira pa msika wa Ndirande kapena wa Kawale limadutsa pa zipata za m'misewu, ndipo palibe mwana m'dziko lino amene sadziwa chimene chimachitika pa zipata zina. Mu 2007 anthu ophunzira, Patrick Kambewa ndi anzake, anafufuza malonda a makala, napeza kuti mizinda yathu inai ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba oposa mamiliyoni 6 pa chaka, kuti anthu oposa 90,000 ankapeza chakudya chao m'malondawo, ndi kuti pa mtengo umene mayi ankalipira pogula thumba, magawo 12 kufikira 20 pa 100 anali a ziphuphu za panjira. Tsono lingalirani. Munthu woima pachipata amagulitsa chinthu chimodzi, ndicho kutseka maso. Ndipo mtengo wa kutseka masoko umayenda ndi kukula kwa chilango. Chilango chikakhala chaka chimodzi, wonyamula amapereka pang'ono kuti apulumuke. Chikakhala zaka khumi, adzapereka chilichonse chimene afunsidwa. Bungwe lathu likapempha zaka zambiri za ndende, lidziwe kuti likupempha kukwezera malipiro anthu a ziphuphu. Sitinena kuti onse oima pa zipata ndi otero. Alipo okhulupirika, ndipo ena mwa alonda a nkhalango anamenyedwa koopsa chifukwa cha kukhulupirika kwao. Koma lamulo lisalembedwe monga ngati onse ndi angelo.

Ndipo ndani angathe kulipira chiphuphu chokwera? Si mnyamata wa njinga yopalasa amene wamanga matumba atatu kumbuyo, nayenda usiku wonse akukankha pa zitunda. Ndi mwini lole, amene amanyamula matumba mazana pa ulendo umodzi, amene kwa iye chiphuphu ndi gawo chabe la ndalama za ulendo monga mafuta ndi matayala. Chotero ukali wa lamulo umachotsa ang'onoang'ono panjira nusiyira msika akuluakulu, amene amadula phiri lonse m'nyengo imodzi. Makolo anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mfundo ya abale athu siikhudza khoswe ameneyo; ingophwanya mikhate ya amphawi.

Palinso chinthu china chimene abale athu achilumpha, ndicho wogula. Ufa sudyedwa wauwisi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo zophikira magetsi zinali zochepa koposa apo. Ngakhale amene ali nawo amasunga mbaula pakhonde, pakuti anaona zimene zinachitika mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko nilikhala m'kuzimazima kwa miyezi yambiri. Chinthu chimene munthu sangakhale popanda icho amachigula ngakhale mtengo ukwere motani. Mukagwira onyamula khumi, makala amachepa pa msika kwa masiku owerengeka, mtengo wake nukwera. Mtengo ukakwera, phindu limakula, ndipo anyamata ena makumi awiri amene anali kukayika amanola nkhwangwa. Chinenero chathu chinachita nthabwala pamenepa, pakuti liu lomwelo lakuti mtengo limatchula chimene chimadulidwa ndi chimene chimalipidwa. Ndipo wina ukakwera, winawo umagwa.

Sitikunena za m'maloto, pakuti njira ya abale athuyi inayesedwa kale. Lamulo la nkhalango la 1997 linaletsa kuotcha makala popanda chilolezo. Mu 2015 Boma linatumiza asilikali ku Dzalanyama. Mu 2020 lamulo lija linakonzedwa, zilango nizikwezedwa kwambiri. Tipempha mbale aliyense amene adzaimirira kuchirikiza mfundoyi atiuze poyera: kodi m'zaka zotsatira 2020 panali tsiku limene anapita pa msika wa mzinda nabwerako wopanda makala chifukwa chakuti anasowa? Ngati mankhwala anamwedwa katatu nthenda osachoka, wanzeru amayamba kukayika mankhwalawo, osati kukula kwa supuni.

Angerezi, amene anatibweretsera makhoti ndi ndende zimene tili nazo, anapita m'njira yomweyi kwao. Mu 1723 Nyumba yao ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Black Act, chifukwa cha anthu amene ankadzipaka zakuda kumaso nalowa m'nkhalango za olemera kukapha nyama. Lamulolo linaika chilango cha kunyongedwa pa milandu yoposa 50, ndipo umodzi mwa iyo unali kudula mitengo m'munda wa mwini. Pofika chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, milandu yonyongetsa munthu inaposa 200. Kodi kuba kunatha? Iai. Chimene chinachitika n'chakuti anthu oberedwa anayamba kuopa kukadandaula, posafuna mwazi wa mnansi pamutu pao. Ndipo anthu wamba okhala pa mlandu kugamula ngati munthu walakwa ankachepetsa dala mtengo wa katundu wobedwa. Kuba za mashilingi 40 m'nyumba kunali konyongetsa. Iwo nalemba kuti katunduyo anali wa mashilingi 39. Ukali wa lamulo unachititsa kuti lamulolo lisagwire ntchito. Mu 1823 mbali yaikulu ya Black Act inafafanizidwa, ndipo mu 1829 Robert Peel anakhazikitsa apolisi oyenda m'misewu ya London usana ndi usiku. Anasiya kuopseza ndi chingwe nayamba kuika maso.

Mafumu athu, inu mudziwa bwino kuposa ife kuti zomwezo zidzachitika m'midzi yanu. Nyakwawa imene ingathe kutengera mphwake ku bwalo kuti alipe mbuzi siingathe kum'pereka kuti akakhale zaka khumi ku Zomba, ana ake nasanduka katundu wa nyakwawa yomweyo. Idzakhala chete, ndipo mudzi wonse udzakhala chete pamodzi nayo.

Za mphamvu ya maso pali umboni wina wochokera ku Argentina. Mu Julayi 1994 anthu oipa anaphulitsa nyumba ya Ayuda mumzinda wa Buenos Aires, ndipo Boma la kumeneko linaika apolisi usana ndi usiku pa nyumba za Ayuda ndi za Asilamu. Chilango cha wakuba galimoto sichinasinthe m'pang'ono pomwe. Koma ophunzira awiri, Di Tella ndi Schargrodsky, atawerenga milandu, anapeza kuti m'misewu imene munali apolisiwo kuba galimoto kunatsika ndi magawo atatu mwa anai. Anapezanso chinthu chimene tiyenera kuchigwira: kuti misewu iwiri kutali ndi wapolisiyo, kuba sikunasinthe kwenikweni. Maso amagwira ntchito pafupi pokha. Msilikali wochokera kutali adzafika, nadzabwerera. Amene amakhala pafupi ndi nkhalango chaka chonse ndi mudzi ndi Mfumu yake.

Tisanafike pamenepo, tinene mau awiri kwa abale a mbali inayo, amene amati zonsezi ndi umphawi basi, ndipo wosauka asalangidwe konse. Nawonso sitigwirizana nawo. Amene anaba ndalama za Boma mu 2013, pa mlandu uja wa Cashgate umene owerengera ndalama anapeza kuti panasowa pafupifupi K24 biliyoni, sanali anthu ogona ndi njala. Anali anthu a malipiro, amene anawerenga monga anawerengera Becker pamseu, naona kuti palibe akuyang'ana. Mwini lole ya makala sali wosauka. Ndiponso sitinena kuti mlandu uliwonse umachokera m'kuwerenga. Woledzera wokantha mnzake ndi mpini sanawerenge kanthu. Koma makala si mlandu wa mkwiyo. Ndi malonda. Munthu amasankha mombo kapena muwanga, nadula, naunjika, nakwirira uvuni, naulondera masiku ambiri, napakira m'matumba, ali wosaledzera ndi wodziwa mtengo wa pa msika. Ngati pali mlandu umene umamvera sikelo, ndi umenewu.

Koma sikelo ya wosauka imapendeka mwa njira yakeyake, ndipo wolemba malamulo ayenera kuidziwa. Kwa munthu amene alibe ufa wa madzulo ano, ndende ya chaka chamawa ndi chinthu chakutali chopepuka. Fodya wake ndi amene ali pamphuno. Amadziwa kuti mabuleki a njinga angathe kum'kanika potsika phiri ndi katundu, amadziwa kuti utsi wa uvuni ukum'dya chifuwa, ndipo zonsezi waziwerenga kale nazivomera. Akuluakulu pakati pathu akumbukira njala ya 2002, pamene ogwidwa akuba chimanga m'minda ankamenyedwa, ena kudulidwa ziwalo, ena kuphedwa kumene. Palibe khoti limene lingapereke chilango choposa chimenecho, koma kuba chimanga sikunaleke kufikira anthu atakolola. Kodi tiyesa kuti munthu amene sanaope chikwanje adzaopa pepala la Bungwe lathu? Ndipo kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi magawo 44 mu Novembala 2023, feteleza nakwera mtengo, mbali ya sikelo imene pamakhala ntchito yololedwa inapepukiratu.

Pa za kuphwanya njinga, tichita manyazi kuti mau otere alembedwa pa pepala la Bungwe la eni dziko. Kodi taiwala m'mene msonkho wa nyumba unkatoleredwa m'masiku a Atsamunda? Wolephera kupeza mashilingi atatu ankaotcheredwa nyumba, ndipo m'malo ena akazi ankagwidwa chikole kufikira amuna ao atalipira. Nyumba yootchedwa siinabale shilingi ndi imodzi yomwe. Amuna anachita zimene sikelo inawauza, nanyamuka kunka ku Salisbury ndi ku Johannesburg, kotero kuti komiti ya Boma ya 1935 inawerengera kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Mabungwe a makolo athu, kuyambira lija la North Nyasa la 1912 limene Levi Mumba anali mmodzi wa olitsogolera, anakhazikitsidwa kuti anthu akhale ndi pakamwa podandaula zowawa zotere. Njinga ndiyo chuma chokha cha mnyamatayo, ndipo ndiyo imene ikanam'thandiza kusiya makala nayamba kunyamula tomato kapena anthu. Mukaiphwanya, mwam'siyira nkhwangwa yokha. Ndipo anyamata amene mudzawapatsa mphamvu yolanda, ndani adzawayang'anira? Pasanathe mwezi adzakhala chipata china chatsopano, ndi mtengo wake wa kutseka maso.

Tsono abale adzati, Mwakana zathu, zanu n'ziti? Sitipita kutali kukazifuna. Ku Salima kuli chilumba cha Mbenji, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira umatseka usodzi m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo, kuti nsomba ziswane. Malamulo a pachilumbapo ndi odziwika kwa msodzi aliyense. Oyang'anira ndi anthu a pomwepo. Wolakwa amalipa, ndipo wobwereza amachotsedwa. Palibe amene amanyongedwa, koma lamulolo lakhala zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo utaka wa ku Mbenji umatchuka pa nyanja yonse. Chinsinsi chake n'chakuti msodzi wosunga lamulo amadziwa kuti nsomba zimene wazileka mu Januwale adzazigwira iye mwini mu Meyi, ndipo chifukwa chake wakuba akum'bera iyeyo, osati Boma. Mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, amene mu 2009 anakhala mkazi woyamba kulandira mphotho ya Nobel ya za chuma, anafufuza nkhalango, madambo ndi ngalande za madzi zosungidwa ndi midzi m'maiko ambiri, napeza kuti zimene zinakhalitsa zinali zofanana pa ichi: malire odziwika, alonda ochokera mwa eni ake, ndi zilango zoyamba pang'ono nizikula munthu akabwereza. Anazilemba m'buku mu 1990. Mafumu a ku Mbenji anali atazichita kale zaka makumi atatu.

Nkhalango ya Boma imadulidwa chifukwa mudzi woyandikana nayo suona kanthu kake m'menemo. Mtengo ukatsala, si wao. Ukadulidwa, pang'ono pokha pamagwa m'manja mwao. Nanga munthu alondere bwanji nkhokwe imene sadzatapamo? Lamulo la 1997 lomwelo linatsegula khomo la nkhalango za m'midzi ndi makomiti ake, ndi la mapangano oti mudzi usamale gawo la nkhalango ya Boma nupindulepo. Linalolanso kupereka chilolezo cha makala kwa wokhala ndi mitengo yosamalidwa mwa dongosolo. Koma kwa zaka zambiri zilolezozo zinaperekedwa kwa owerengeka okha, kotero kuti malonda odyetsa anthu zikwi makumi asanu ndi anai anasiyidwa mumdima, kumene Boma silitolerako msonkho ndipo wa pachipata ndiye amatolera. Ichi ndicho chimene Bungwe liyenera kupempha: kuti mudzi umene wadzala mitengo yake ndi kuisamala upeze chilolezo popanda kuyenda maulendo khumi ku Boma, kuti thumba lololedwa lizidziwika, ndi kuti mphamvu yonse ya apolisi ndi makhoti ilunjike pa malole, kumene kugwira munthu mmodzi kumapulumutsa mitengo yoposa ya onyamula pa njinga makumi asanu. Chindapusa nachonso chiziyenda ndi chuma cha wolakwa, monga achitira ku Finland kuyambira 1921, kumene munthu amalipa molingana ndi zimene amapeza pa tsiku. Pakuti chindapusa chofanana kwa onse chimapha wa njinga ndi kuseketsa wa lole.

Tatsala ndi mau amodzi olemera, ndipo tipempha Mafumu athu atikhululukire, pakuti tilankhula monga ana m'nyumba ya atate ao. Uvuni sumangidwa usiku umodzi, ndipo utsi wake subisika. Palibe uvuni umene umafuka sabata yathunthu m'dera la Mfumu, Mfumuyo osamva. Zimanenedwa m'midzi, ndipo inu mwazimva monga ife, kuti pali Mafumu ena ndi Nyakwawa zina zimene zimalandira kangachepe pa uvuni uliwonse, kapena kulandira alendo odzaotcha makala ndi kuwalozera phiri. Sititchula dzina, ndipo tikhulupirira kuti ambiri a inu muli oyera m'manja. Koma ngati Bungwe litumiza pempho la zaka khumi kwa mnyamata wa njinga, nilikhala chete pa za mkulu wolandira kangachepe, anthu adzatiwerenga ife monga awerengera a pachipata. Mlonda amene mudzi ungam'khulupirire ayenera kuyamba waonetsa kuti iye mwini sagulika. Chifukwa chake tipempha kuti ndalama zonse za chindapusa cha pa bwalo la Mfumu, pa milandu ya mitengo, zizilembedwa m'buku ndi kuwerengedwa pamaso pa mudzi, ndi kuti zizigwira ntchito ya nazale ndi malipiro a alonda, kuti munthu aliyense aone kumene mbuzi yolipidwa yapita.

Pa msonkhano tidzapempha Wapampando kuti mfundo yachitatu isaponyeredwe voti monga yalembedwera, koma igawidwe pawiri, kuti za njinga zikanidwe pazokha. Tipempha Gulupu aliyense afike atafunsa m'dera lake zinthu izi: mauvuni angati anafuka m'chilimwe chathachi, anthu angati anagwidwa, angati mwa iwo anafika pamaso pa woweruza, ndipo pa ofikawo angati anali eni malole. Amene ali ndi nkhalango ya mudzi abweretse buku la komiti yake, ngakhale likhale lothaitha. Mlembi adzakhala pakhomo ndi pepala kulandira ziwerengerozo msonkhano usanayambe.

Ndife anu mu ntchito ya dziko,
Abale a Bungwe okana mfundo yachitatu.